Mphuno ya Hudson Nakoma

Pa esiteti ina ya tiyi ya m'munsi mwa phiri, mukapitirira pang'ono njira yokhotera ku Likhubula, dzina loti Hudson Nakoma ankalidziwa ndi akalaliki a muofesi okha. Ena onse, kuyambira othyola tiyi mpaka mzungu woyang'anira magalimoto, ankangoti a Mphuno. Mphunoyo sinali yaikulu ayi, kanali kamphuno wamba, kophwatalala ngati ka aliyense wa kwathu kuno. Koma ndiyo inamupezera ntchito ya umakaniko, ndiyo inamupezera nyumba ya malata kumalayini a kampani, ndipo ndiyonso inamuthetsera banja.

Bambo ake anawoloka mtsinje wa Muloza kuchokera ku Milanje akuthawa chibalo cha Apwitikizi, n'kudzafera m'minda ya tiyi ya Angelezi khasu lili m'manja. Sanamusiyire mwana wawo ngakhale mzere umodzi wa munda, chifukwa analibe. Hudson analowa m'galaji ali mnyamata, ntchito yake ili yosesa ndi kutsuka zitsulo m'beseni la petulo. Mmenemo ndi momwe akuluakulu anazindikira kuti wosesayu amamva zomwe iwo sakumva.

Petulo amathawa m'galimoto m'njira ziwiri. Wina amadontha, ndipo ameneyo sasowa katswiri, pansi pamanyowa basi. Wina amathawa ngati mpweya. Thanki ikatenthedwa ndi dzuwa imapuma, ndipo kapaipi kopumira kakang'ambika, kapena labala wa pachivindikiro akauma, mpweyawo umatuluka osasiya kadontho. Dalaivala amangomva mutu kuwawa, galimoto imangomwa mafuta, mpaka tsiku limene wina adzayatsire ndudu pafupi. Amakaniko ena ankamasula galimoto theka lonse kufunafuna pothawirapo. Hudson ankangoizungulira manja ali kumbuyo, n'kuima, n'kugwada, n'kuloza ndi sipanala. Akamasula pamenepo ankapezadi mng'alu. Madalaivala ankawomba m'manja, ndipo tisabise, mwamunayu ankazikonda zimenezo kuposa ndiwo za nyama.

Anakwatira Alefa, mtsikana wa m'mudzi wina kuseri kwa Chonde, wosalankhulalankhula koma wosabwerera m'mbuyo akanena chinthu. Mwa mwambo wathu mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi, choncho Hudson anakhala pachikamwini dzinja limodzi, kulima munda wa apongozi, kudzuka mbandakucha kupalasa njinga yobwereka kupita kugalaji, kudya pomwe amulozera. Zinamuwawa kwambiri. Kampani itamupatsa nyumba chifukwa cha mphuno ija, anakagwada kwa amalume ake a Alefa kupempha kuti amutenge. Amalumewo anavomera monyinyirika.

"Tengani," anatero, "koma mukumbukire kuti mwangobwereka. Kwawo ndi kuno."

Kumalayini kunabadwa mwana wamkazi, Rute, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo ankaitanana bambo a Rute ndi amake Rute. Zaka zinapita bwino, dziko n'kulandira ufulu, azungu a m'galaji n'kumasinthana, Hudson ali pomwepo. Tsiku lililonse ankayamwa petulo ndi paipi pochotsa m'thanki, ankasamba petulo m'manja, ankaika nkhope m'mainjini otentha. Chaka china chiperoni chinatsika m'phiri n'kukhala osachoka, ndipo Hudson anadwala chimfine choopsa. Chimfine chinatha, mphuno inatseguka, mpweya unkalowa bwinobwino. Koma fungo silinabwerere.

Poyamba anadzinamiza kuti libwera mawa. Anafwenthera ndimu, anakoka fodya wamphuno, anafukiza masamba a bulugama. Palibe chinathandiza. Anabisa kwa aliyense, mpaka madzulo ena akuwotha moto pakhonde, mwendo wa ovololo yake unayamba kunyeka iye ali phee kusenda chinangwa. Alefa anathamanga kuchokera kuseri kwa nyumba n'kumuthira madzi.

"Bambo a Rute, ine ndamva fungo ndili kubafa. Inu simunamve?"

Hudson anayang'ana pansi. Kenako anamuuza zonse, ndipo anamuuzanso chimene chinkamusowetsa tulo. Kapitawo wa galaji, Samueli, anali ndi mphwake amene anaphunzira umakaniko kusukulu ku Blantyre, ndipo ankangodikira malo. Hudson analibe pepala lililonse la sukulu. Pepala lake inali mphuno. Zikadziwika kuti yafa, ntchito yatha, makiyi a nyumba abwezedwa, ndipo iye ndi imvi zake abwerera kukalima munda wa apongozi.

Alefa anakhala pansi pambali pake. "Mphuno ndili nayo ine," anatero. "Chakudya chamasana ndimabweretsa ndine. Pomwe ndaika dengu, muzifufuza pamenepo."

Umu ndi momwe anayambira. Galimoto yonunkha ikabwera m'mawa, Hudson ankapeza chifukwa choichedwetsera, ati injini iyambe yazizira. Masana Alefa ankalowa ndi dengu pamutu, chinangwa chophika ndi nandolo, nthawi zina nyemba za kalongonda, tiyi ali m'botolo. Ankapereka moni kwa akapitawo, kwa madalaivala, akuzungulira galimotoyo ngati munthu wofuna mthunzi, kenako n'kutula dengu. Akatula pafupi ndi tayala lakumbuyo, ndiye kuti vuto lili kuthanki. Akatula kutsogolo, lili kuinjini. Hudson akamaliza kudya ankayamba sewero lake, manja kumbuyo, mphuno m'mwamba, n'kudzagwada pomwe panali dengu. Zotsalazo ankamaliza ndi maso ndi zala. Anthu ankaseka kuti a Mphuno sanunkhiza ndi njala. Zinayenda choncho zaka zingapo, ndipo kunyumba awiriwo ankasekera limodzi. Sindikhulupirira kuti panali nthawi ina imene anakondana kuposa imeneyo.

Masiku amenewo kukakhala msonkhano waukulu wa chipani ku Boma, amayi ankapita kukavina, ndipo funso loti ukufuna kapena sukufuna kunalibe. Esiteti inkapereka lole. Chaka chimenecho, mwezi wa Okutobala, amayi a kumalayini anauzidwa kuti aziyeserera nyimbo kubwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wapampando wawo anali mayi Dainess, mayi wa mawu aakulu amene ankaona mwano ngakhale m'kutsokomola. Alefa anali m'gulumo, choncho dengu linasiya kubwera kugalaji.

Tsiku loti mawa lake ndi ulendo, dalaivala Moffat anabweretsa lole yakale ya petulo imene inasankhidwa.

"A Mphuno, ndikadzaza thanki ndikumamva kafungo kumbuyo kwa kebini. Mwina ndi mutu wanga. Tainunkhizani."

Hudson anazungulira. Anagwada, anasisita thanki kunsi, anayang'ana mapaipi. Ponse panali pouma. Akanatha kunena kuti loleyo igone, aione bwino. Koma Samueli anali ataima pakhomo ndi mphwake uja, ndipo a Mphuno sanali munthu wonena kuti ndione kaye.

"Ndi mutu wako," anatero. "Ilibe kanthu."

M'mawa mwake dzuwa linatuluka lolusa. Moffat anadzaza thanki mpaka pakamwa n'kuimika lole pabwalo, ndipo inakhala padzuwapo amayi akusonkhana, onse atavala nsalu zofanana. Oimba ng'oma anakweza ng'oma zawo, n'kukwezanso mbaula ya makala oyaka. Ng'oma ikazizira imalira mofooka, ndiye paulendo ankanyamula moto woti aziiwamba panjira, kuti pofika ku Boma ilowe m'bwalo ikulira kale. Mbaulayo anaiika kutsogolo, kuseri kwa kebini, komwe kulibe mphepo.

Alefa anakwera pamodzi ndi anzake, anakhala pansi pafupi ndi mbaula ija, kenako anadzuka n'kutsika.

"Mayi Nakoma, mwaiwala chiyani?" anafunsa Dainess.

"Sindinaiwale kanthu, mayi. Loleyi ikutulutsa mpweya wa petulo pansi pa matabwa, ndipo mwaikapo moto. Tipsa. Tsitsani mbaula, kapena tidikire ikonzedwe."

Amayi ena ananunkhiza. Pa lole panali fungo la thukuta, la mafuta odzola, la utsi wa makala, ndipo wina anati lole iliyonse imanunkha petulo. Dainess anatsika, nkhope itasintha.

"Ndiye mukukana kukavina?"

"Sindikukana kuvina. Ndikukana kupsa."

Anyamata awiri a chipani amene ankaperekeza ulendowo anayandikira. Dainess anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Nkhani yake ndi yapafupi. Mwini mphuno ndi mwamuna wanu yemwe. Kamuitaneni."

Hudson anafika akupukuta manja, Samueli ali pambuyo. Chinthu choyamba chimene anaona ndi kamtolo ka Alefa, kansalu komangamo kamba wa paulendo. Mkazi wake anali atakaika pansi kumanzere kwa lole, kuseri kwa kebini, pamene paipi yothirira petulo imalowera pansi pa matabwa. Alefa sanamuyang'ane n'komwe. Anali atanena kale zonse.

Hudson anaika manja kumbuyo n'kuyamba kuzungulira. Anakhulupirira mkazi wake, pa zimenezo panalibe chikayiko ngakhale pang'ono. Atafika pakamtolo paja anaima, bondo litayamba kale kupinda. Pamenepo mmodzi wa anyamata aja analankhula mofatsa.

"Mdala, loleyi munaiona dzulo inu nomwe, n'kunena kuti ili bwino. Mukaipeza ndi vuto lero, mutiuze bwino chifukwa chimene munaperekera lole yoti iwotche amayi a chipani."

Panali yankho limodzi loona, ndipo linali lalifupi: sindinamve, mphuno yanga inafa kalekale. Likanamuchotsa m'manja mwa anyamatawo, likanamuyeretsa Alefa, likanatsitsa mbaula. Koma Samueli anali pomwepo, khutu lili tcheru. Hudson anaona makiyi a nyumba, anaona khasu la apongozi, anaona madalaivala akumuseka. Anawongola bondo, anakoka mpweya wautali kuti onse amve, n'kupitirira kamtolo kaja.

"Palibe fungo," anatero. "Amayiwa za galimoto sazidziwa. Mwina adzuka ndi mutu."

Amayi anaseka. Ena anaseka chifukwa cha mantha, koma anaseka. Hudson anawonjezera, ngati munthu wongokumbukira, kuti mbaula aisunthire kumbuyo kwenikweni kuti utsi usamulowe dalaivala m'maso. Oimba ng'oma anaisuntha akung'ung'udza. Ndi chokhacho chimene anachitira mkazi wake tsiku limenelo, ndipo anachichita mobisa ngati wakuba. Alefa anatola kamtolo kake, anamuyang'ana kamodzi, n'kukwera.

Tsiku lonse Hudson sanagwire sipanala. Anakhala pachitsa kunja kwa galaji maso ali kumsewu wa ku Boma, akuyembekeza utsi wakuda. Utsi uliwonse wa m'munda unkamuimiritsa. Anapemphera mapemphero onse amene anaphunzira ku Mishoni. Dzuwa likulowa lole inabwera, amayi akuimba, popanda ndi mmodzi yemwe wopsa chala. Hudson anathokoza Mulungu, osazindikira kuti kubwera bwino kwa loleyo ndiko kunali chigamulo cha Alefa. Lole sinapse, ndiye kuti mayi uja ananama. Wanama chifukwa chiyani? Sankafuna kuvina.

A chipani anamuitanitsa Alefa pampopi wa kumalayini, pomwe amayi onse amatunga madzi. Anamugwaditsa pamatope, n'kumuuza kuti apepese mokweza katatu. Anapepesa. Anamupatsa ntchito yosesa bwalo la chipani yekha. Anasesa. Zimenezo zikanatha, koma dzina silinathe. Anasanduka uja wokana kuvina. Akafika pampopi nkhani zinkaduka. Mnansi amene ankapalana naye moto anayamba kutseka chitseko. Rute kusukulu anzake anasiya kukhala naye benchi imodzi. Anthu sankamuda Alefa ayi, ankangoopa kuonedwa naye, ndipo zimenezo zimapweteka mofanana.

Lamulungu lotsatira, anthu ali kutchalitchi, Hudson anatenga sopo wochapira wa mkazi wake n'kupita kugalaji. Anakumbukira momwe amapezera pobooka pa chubu cha njinga. Anatseka chivindikiro cha thanki zolimba, anapala sopo m'madzi, anazula thabwa limodzi la pansi pa lole, n'kupaka thovu m'mapaipi onse. Kenako anauzira mpweya ndi pakamwa kudzera kumapeto kwa kapaipi kopumira. Pamwamba pa kapaipiko, mbali yoyang'ana matabwa, imene diso silikanaiona kuchokera pansi, thovu linafufuma n'kuphulika, linafufumanso. Mng'alu unali wautali ngati chala. Unali pansi penipeni pa pomwe anaika mbaula poyamba.

Anakhala pansi nthawi yaitali akuyang'ana thovulo. Chimene chinamuwawa koposa n'chakuti zinali zophweka. Sopo ndi madzi basi. Akanatha kutero dzulo lake la ulendo, akanatha kutero zaka zonsezo, popanda mphuno yake kapena ya munthu wina. Koma munthu wopaka sopo ndi makaniko wamba, samuombera m'manja. Anadula kapaipi kong'ambikako, anaikapo katsopano, anamanga ndi waya, anabwezeretsa thabwa. Pofika Lolemba loleyo inalibenso fungo, ndipo aliyense wofuna kutsimikiza kuti Alefa ananama akanatha kukanunkhiza yekha.

Mvula yoyamba isanagwe Alefa anamanga katundu wake, anatenga Rute, n'kubwerera kwawo ku Chonde. Sanakangane naye. Anangosiya nyumba yosesedwa ndi makiyi pawindo.

Hudson anamutsatira kumapeto kwa mwezi, kapaipi kaja kali m'thumba. Anamupeza akulima mizere m'munda wa amayi ake. Anatulutsa kapaipiko n'kukapinda kuti mng'alu uyasame.

"Amake Rute, munkanena zoona. Onani."

Alefa anatsamira khasu. "Mwayenda ulendo wonsewu kudzandionetsa chimene ndinakuonetsani ine?"

"Ndinaopa."

"Ndikudziwa. Inenso ndinaopa, n'chifukwa chake ndinatsika." Anapukuta thukuta ndi nsalu. "Ine sindikufunika kuona kapaipi, bambo a Rute. Kapiteni nako pampopi pomwe ndinagwada. Mukawaonetse a Dainess amayi onse alipo, mukanene kuti mphuno inali yanga. Mukatero mubwere mudzanditenge. Ndipita."

Hudson analonjeza. Ndipo musaganize kuti ankanama, pochoka m'mudzimo anali atatsimikiza mtima. Koma njira ya ku Chonde ndi yaitali, ndipo pofika kumalayini anali ataganiza kuti adikire kaye zinthu zizizire. Kenako anadikira kuti Samueli apume pantchito. Samueli atapuma, ukapitawo unapita kwa mphwake uja, ndiye zinafika poipa. Kangapo konse anafika pafupi ndi mpopi dzanja lili m'thumba, n'kupereka moni kwa amayi, n'kupitirira.

Ntchito sinamuthere. Galimoto yonunkha ikabwera ankauza anthu kuti atuluke, ati mafungo awo akumusokoneza. Akatseka chitseko ankatulutsa sopo. Magalimoto atsopano a mabwana atayamba kubwera ndi timapaipi tambirimbiri topita ku kachitini kamakala kosunga mpweya wa petulo, amakaniko a sukulu ankakanda mitu, iye n'kumapeza ming'alu ndi thovu lake, n'kutsegula chitseko akufwenkha mphuno. Dzina linakula mpaka kumaesiteti ena. Madzulo ankabwerera kunyumba ya malata ija, kuphika yekha, kupsereza nyemba osadziwa mpaka anansi atagogoda. Rute anakwatiwa, iye anapita kuukwati n'kukhala pampando wa alendo. Dainess anamwalira, iye anathandiza kunyamula bokosi.

Kenako zaka zinakwana. Kampani inamupatsa wailesi ndi mawu othokoza, n'kumupempha makiyi. Nyumba imene anatayira mkazi wake inali yobwereka kuyambira pachiyambi, ndipo sabata yomweyo munalowa banja lina. Kwawo kwa bambo ake kunali nkhondo, anthu a ku Milanje anali atadzaza mbali ino ya Muloza m'misasa. Kopita kunatsala kumodzi.

Anatsika basi pa Chonde ndi bokosi la zitsulo ndi wailesi, n'kuyenda pang'onopang'ono. Alefa anali pakhonde akusenda chinangwa, tsitsi litayera, atafulatira njira.

"Ndakumvani muli kumango uko," anatero asanatembenuke. "Petulo sanakuchokeni."

Anamupatsa mpando pansi pa mtengo, anamufunsa za ulendo monga amafunsira mlendo aliyense. Kenako anafunsa funso limene Hudson ankalidziwa kuti libwera.

"Munakawaonetsa?"

"A Dainess anamwalira."

"Ndinamva. Amayi a pampopi aja?"

"Ambiri anasamuka. Ena anatisiya."

"Ndiye palibenso womuonetsa."

Hudson anagwira thumba la jekete. Kapaipi kanali momwemo, kouma, kothetheka. Sanakatulutse.

Alefa analowa m'nyumba. Sanamuthamangitse, anauza mdzukulu wawo, mwana wa Rute, kuti asese kanyumba kosungiramo makasu. Masana atakwana anatuluka ndi dengu pamutu, dengu lofanana ndi lija, ngakhale kuti kuchokera kukhitchini kufika pamtengo sipanali poti n'kusenzera. Hudson anatambasula manja kuti alandire. Alefa sanamupatse. Anayamba kumuzungulira pang'onopang'ono, monga ankazungulirira magalimoto m'galaji, mutu utapendekeka pang'ono. Atamaliza anaima kutsogolo kwake, anatula dengu, n'kuliika pamapazi pake penipeni.

Anabwerera kukhitchini. Hudson anayang'ana dengulo nthawi yaitali, kenako anavundukula. Munali chinangwa ndi nandolo. Anadya zonse, osamva kukoma kulikonse.